MAKADI AWIRI OYAMBA

Nkhani imene tabwera nayo yachokera kunyanja, m'boma la Nkhata Bay, ndipo ena mwa inu mudabwa kuti nkhani ya makadi ikufuna chiyani m'magazini ya mpingo. Tikupemphani kuti muleze mtima ndi kuwerenga mpaka kumapeto, pakuti akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Masiku apitawa tinali ku Kande m'nyengo ya mwera. Aliyense amene anakhalapo kunyanja akudziwa kuti kuyambira mwezi wa May kufikira August mphepo imeneyi imatha kuomba masiku angapo osaleka, ndipo mabwato amangokhala pamtunda. Chimodzimodzinso mwezi ukawala kwambiri usipa sutsata nyali, kotero asodzi a chilimira amapuma. Masiku otere anyamata amakhala ndi nthawi yochuluka, ndalama za gawo lawo la nsomba zili m'thumba, ndipo makadi amatuluka pansi pa mitengo ya mango ndi kuseri kwa timagolosale.

Mayi wina wa mumpingo, amene sitimtchula dzina, anatidandaulira kuti mwana wake wamwamuna anataya m'madzulo amodzi ndalama zimene anasunga mwezi wathunthu zolipirira sukulu ya mlongo wake. Titakumana naye mnyamatayo tinapeza kuti ndi waulemu, wolimbika ntchito, ndiponso wochenjera pa masamu. Anatiyankha modekha kuti, "Bambo, ine sinditchova juga. Juga ndi ya anthu ongodikira mwayi. Amene ndimasewera ine ndi poker, ndinaphunzira kwa alendo ogona kugombe ndiponso pa lamya, ndipo amafuna nzeru. Ndimadziwa makadi oyenera kulowa nawo."

Sitinamdzudzule tsiku limenelo. Tinaona kuti mawu ake ali ndi choonadi pang'ono, ndipo mwana amene akunena choonadi pang'ono sabwezedwa ndi kukalipa. Tsono tiyeni tiyese mawu akewo pamodzi, tione kumene atifikitse.

MASEWERAWA NDI OTANI?

Poker anayamba ku America kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, ndipo anafala kuchokera mumzinda wa New Orleans kudzera m'sitima zoyenda pa mtsinje wa Mississippi. Mtundu wake umene watchuka masiku ano umatchedwa Texas hold'em. Paketi ya makadi ili ndi makadi 52, ogawidwa m'mitundu inayi, iwiri yofiira ndi iwiri yakuda, ndipo mtundu uliwonse uli ndi makadi 13, kuyambira pa 2 kukafika pa 10, kenaka jeki, kwini, kingi ndi esi. Wosewera aliyense amalandira makadi awiri obisika, amene amawaona iye yekha. Pambuyo pake makadi ena asanu amaikidwa pakati poyera, poyamba atatu, kenaka limodzi, kenakanso limodzi, ndipo aliyense amaphatikiza ake awiri aja ndi apakatiwo kuti apeze asanu amphamvu koposa. Pa sitepe iliyonse pamakhala kubetcha.

Chisankho choyamba chimabwera munthu atangoona makadi ake awiri, khadi lililonse la pakati lisanaoneke. Angathe kuika ndalama ndi kulowa, kapena angathe kugoneka makadi ake pansi ndi kudikira kugawa kwina. Akatswiri onse a masewerawa amagwirizana kuti ophunzira ambiri amataya chuma chawo pa chisankho choyambachi, chifukwa amalowa ndi makadi amene sanayenera kulowa nawo.

TIYENI TIWERENGERE

Makolo athu a ku Chintheche ndi madera ozungulira anayamba kuphunzira masamu kalekale, pamene mishoni ya Livingstonia inasamukira ku Bandawe m'chaka cha 1881 pansi pa Dr. Robert Laws. Tsono ife zidzukulu zawo tisaope kuwerengera.

Makadi awiri ochokera m'paketi ya 52 angathe kubwera m'njira 1,326. Koma popeza mitundu inayi ija ndi yofanana mphamvu, njira zimenezi zimagwera m'magulu 169 okha. Magulu 13 ndi a makadi awiri ofanana, monga makingi awiri kapena ma 8 awiri. Magulu 78 ndi a makadi osiyana koma a mtundu umodzi, ndipo magulu 78 otsalawo ndi a makadi osiyana a mitundu yosiyananso.

Makadi awiri ofanana amabwera kamodzi pa kugawa 17 kulikonse. Maesi awiri, amene ali amphamvu koposa onse, amabwera kamodzi pa kugawa 221. Ngati pabwalo agawa ka 30 pa ola, ndiye kuti munthu angathe kukhala maola asanu ndi awiri akudikira maesi awiriwo, ndipo nthawi zina usiku ungathe osawaona n'komwe. Tikaphatikiza maesi awiri, makingi awiri, makwini awiri, ndiponso esi ndi kingi, tipeza kuti makadi apamwambawa onse pamodzi amabwera kamodzi pa kugawa pafupifupi 39.

Nanga akabwera, kodi kupambana n'kotsimikizika? Iyayi. Maesi awiri akalimbana ndi munthu mmodzi yekha amene ali ndi makadi alionse, amapambana maulendo pafupifupi 85 mwa 100. Koma akalimbana ndi anthu asanu ndi anayi amene onse apitirira mpaka kumapeto, amapambana maulendo pafupifupi 31 okha mwa 100. Taonani: makadi abwino koposa m'paketi monse amagonja kawiri mwa katatu pamene anthu achuluka.

AMENE AMALOWA NAWO NDI AMENE AMATAYA

Buku loyamba lotchuka limene linaika makadi oyambira m'magulu, kuyambira amphamvu kufikira ofooka, linalembedwa ndi David Sklansky m'chaka cha 1976. Kuchokera nthawi imeneyo makompyuta awerengera zonsezi mobwerezabwereza, ndipo mfundo zake zazikulu sizinasinthe.

Choyamba ndi ukulu wa makadi. Awiri akuluakulu amaposa awiri ang'onoang'ono, pakuti onse awiri osewera akapeza khadi lofanana nalo pakati, wa khadi lalikulu ndiye amatenga ndalama. Chachiwiri ndi kuyandikana: 9 ndi 10 angathe kuthandizana kupanga makadi asanu otsatizana, koma 7 ndi 2 atalikirana kwambiri kotero sangathe kutero pamodzi. Ndicho chifukwa chake 7 ndi 2 a mitundu yosiyana amadziwika kuti ndi oipitsitsa pabwalo la anthu ambiri. Chachitatu ndi kufanana mtundu, ndipo apa ndi pamene ophunzira amanyengeka. Munthu akaona makadi ake awiri ali a mtundu umodzi mtima umadumpha, poganiza kuti apeza asanu a mtundu womwewo. Koma zimenezi zimachitika kamodzi kokha pa maulendo pafupifupi 16, ngakhale atalipira mpaka khadi lomaliza. Maulendo 15 enawo amakhala atagula chiyembekezo chabe.

Pali msampha wina woposa umenewu. Mnyamata akaona esi m'manja mwake, pambali pake pali 7, amadziona ngati mfumu. Koma amene angavomere kubetcha naye ndalama zambiri kawirikawiri ndi amene ali ndi esi ndi kingi, ndipo pa mpikisano wotere wa esi ndi kingi amapambana pafupifupi katatu mwa kanayi. Esi ina ikaoneka pakati onse awiri amakondwera, koma wa 7 uja amakondwerera dzenje lake lomwe, pakuti amaonjezera ndalama pa makadi amene agonja kale. Makadi oipitsitsa sapweteka kwambiri, chifukwa ngakhale mwana amadziwa kuwataya. Amene amasaukitsa munthu ndi aja ooneka ngati abwino.

Chachinayi ndi malo amene munthu wakhala. Woyamba kulankhula sadziwa chimene anzake onse achite pambuyo pake, choncho ayenera kulowa ndi makadi amphamvu okhaokha. Womaliza kulankhula waona kale amene agonja ndi amene abetcha, choncho angathe kulowa ndi makadi ocheperako mphamvu. Makadi omwewo angakhale oyenera pa mpando wina koma osayenera pa mpando wina.

Tikasonkhanitsa zonsezi, wosewera wodziletsa pabwalo lodzaza amalowa kamodzi kokha pa kugawa kasanu, kapena kuchepera pamenepo. Pa kugawa 30 amagoneka makadi pansi ka 24 kapena kuposa, akungoyang'ana anzake akusewera. Tinabwerera kwa mnyamata uja ndi kumfunsa kuti usiku umene anataya ndalama anagoneka makadi kangati. Anaseka mwamanyazi nati, "Kutaya bwanji, Bambo, ndalama zili pakati ndikuziona ndi maso?" Pamenepo ndi pamene panagona nkhani yonse. Nzeru imene ankaitama ija, gawo lake lalikulu ndi kudziwa kukana, ndipo iye analibe. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

NKHANI ZIMENE ZIMAKOPA

Achinyamata amakonda kusimba za amene anapambana. Mpikisano waukulu wa poker pa dziko lonse, World Series of Poker, unayamba mumzinda wa Las Vegas m'chaka cha 1970. Munthu wina wotchedwa Doyle Brunson anaupambana zaka ziwiri zotsatizana, 1976 ndi 1977, ndipo maulendo onse awiri makadi ake omaliza anali 10 ndi 2, amene ali ofooka ndithu. Mpaka lero anthu amalowa ndi 10 ndi 2 pokumbukira dzina lake, naiwala kuti iye anali atasewera zaka zambiri, ndi kuti pa nthawiyo anali atatsala ndi mdani mmodzi yekha, pamene makadi ofooka amakwera mtengo.

M'chaka cha 2003 wowerengera ndalama wina wa ku Tennessee, Chris Moneymaker, amene sanali katswiri wodziwika, anapambana mpikisano womwewo natenga madola 2.5 miliyoni. Mbiri yake inakopa anthu ochuluka zedi m'maiko ambiri kuti ayambe kusewera pa intaneti. Koma tifunse kuti ndalamazo zinachokera kuti. Olowa mpikisanowo anali 839, ndipo mpando uliwonse mtengo wake unali madola 10,000. Amene analandirako kanthu anali 63, pamene 776 anabwerera kwawo chimanjamanja. Dzina la mmodzi uja tikulidziwa, koma a 776 aja palibe amene amasimba za iwo.

Zimenezi si zachilendo kwa ife. Amuna a m'mbali mwa nyanja yathu akhala akupita ku migodi ya Harare ndi Joni kuyambira kalekale, ndipo m'makomboni a kumigodi juga inali yofala. Amene anabwera ndi njinga, makina osokera ndi masutikesi anaonedwa ndi mudzi wonse. Amene malipiro awo anathera pa makadi ndi mowa ambiri anachita manyazi kubwerera, nasanduka matchona.

NDALAMA ZIMAPITA KUTI?

Tsopano tiyerekeze kuti mnyamata wathu waphunzira zonse zimene talembazi, ndipo wayamba kudziletsa. Kodi tingamuuze kuti apitirize? Tiyeni tiwerengerenso.

Tinene kuti anyamata asanu ndi mmodzi akhala pansi, aliyense ali ndi K10,000. Pabwalopo pali K60,000. Ngakhale atasewera mpaka tambala kulira, palibe tambala imodzi imene iwonjezekepo. Ndipo ngati mwini malo amadula K300 pa kugawa kulikonse, pakutha pa kugawa 40 watenga K12,000, limene lili gawo limodzi mwa magawo asanu a ndalama zonse, osagwira khadi ngakhale limodzi. Anyamata aja atsala ndi K48,000 yoti alimbirane. Nyumba zazikulu za juga ndi makampani a pa intaneti amachita chimodzimodzi: amadula kagawo pa ndalama za pakati, ndipo kwa iwo zilibe kanthu kuti wapambana ndani. Komanso malamulo a masewerawa amakakamiza anthu awiri kuika ndalama makadi asanagawidwe, ndipo udindo umenewu umazungulira bwalo, kotero kuti ngakhale wodikira moleza mtima amalipira kudikira kwakeko.

Fanizirani zimenezi ndi malonda a usipa. Msodzi akagulitsa ndowa ya usipa kwa mayi wochokera ku Mzuzu, msodziyo amapita ndi ndalama, mayiyo amapita ndi nsomba, ndipo banja lina mtawuni limadya ndiwo. Onse apindula. Koma pa makadi, K20,000 imene mmodzi wapita nayo ndi yomwe ija imene mnzake wa m'bwato limodzi amayenera kugulira ufa wa kondowole ndi sopo. Tsono katswiri weniweni sasankha makadi okha. Amasankhanso anthu osewera nawo, ndipo amafunafuna ofooka, oledzera ndi opsa mtima. M'chinenero cha akatswiriwa, wosewera wosadziwa amatchedwa nsomba. Inu ana a asodzi mukudziwa bwino chimene chimachitikira nsomba imene yatsata nyali usiku.

Apa ndi pamene nkhaniyi ikukhudza chikhulupiriro chathu. Katekisma wamkulu wa Westminster, amene analembedwa m'chaka cha 1647 ndipo mipingo ya Chipresbiteriani inamlandira, amawerengera juga yomwaza chuma pakati pa machimo otsutsana ndi lamulo lachisanu ndi chitatu. Makadi mwa iwo okha ndi timapepala chabe. Chimene chimaipa ndi mtima wofuna kutenga cha mnzako popanda kumpatsa kanthu, ndi kuika pachiswe chakudya cha ana ako. Boma nalonso likudziwa kuopsa kwake: lamulo la m'chaka cha 2022 loyang'anira juga ndi malotale linakhazikitsa bungwe la Malawi Gaming and Lotteries Authority, ndipo munthu wosakwana zaka 18 saloledwa kubetcha. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limawerengera chizolowezi cha juga chosaletseka pakati pa matenda, m'gulu limodzi ndi zizolowezi zina zomanga munthu.

MAWU KWA MAKOLO

Makolo anzathu, mwana amene wagwa m'juga amadziwika ndi zizindikiro zingapo. Amabwerera kukasewera kuti abweze zimene wataya, amakongola kwa anzake kapena kwa a katapila, amanama za malipiro ake, ndipo katundu monga lamya, nyali kapena wailesi amayamba kusowa m'nyumba. Mukaona zotere musamchititse manyazi pagulu, pakuti manyazi amamthamangitsira kwa anzake omwe aja. Khalani naye pansi, muwerengere naye pamodzi monga tachitira pano, ndipo ngati zakula itanani mkulu wa mpingo amene mwanayo amamkhulupirira, kapena wa zaumoyo.

Kumbukiraninso kuti ndalama imaopsa kwambiri tsiku limene yalandiridwa. Gwirizanani ndi ana anu kuti gawo la sukulu, la chakudya ndi losunga lipatulidwe tsiku lomwelo, lisungidwe ku banki m'khonde kapena m'manja mwa munthu wokhulupirika, dzuwa lisanalowe. Ndipo mipingo ya ku Chintheche, Kande, Mpamba mpaka ku Usisya iganizirepo za masiku a mwera ndi a mwezi wowala, pamene anyamata alibe chochita. Bawo, mpira, makwaya ndi kusoka makoka pamodzi zingathe kudzaza maola amene makadi akudzaza tsopano.

MAWU KWA ACHINYAMATA

Inu achinyamata, pali chinthu chimodzi chimene tikufuna mutolepo pa nkhani ya makadiyi, ngakhale simudzawagwiranso. Kukana kumakhala kotchipa pachiyambi. Amene wagoneka makadi pansi asanaike kanthu sataya zambiri, koma amene walowa amapeza kuti sitepe iliyonse ikumuitanitsa ndalama zina, ndipo mtima umamuuza kuti sangasiye zimene waika kale. Ndi mmenenso zimakhalira ndi ngongole ya katapila, ulendo wa ku Joni wopanda mapepala, chibwenzi chimene makolo ndi chikumbumtima akukuchenjezani nacho, ndi botolo loyamba la kachasu. Ambuye Yesu, pa Luka 14, anaphunzitsa za munthu wofuna kumanga nsanja, kuti ayenera kuyamba wakhala pansi ndi kuwerengera mtengo wake asanaike maziko.

Nzeru imeneyi agogo anu ali nayo kale. Msodzi wokalamba amaima pagombe madzulo, nayang'ana mitambo ndi kayendedwe ka mafunde, ndipo nthawi zina amati lero sitilowa, ngakhale m'nyumba mulibe ndiwo ndipo anzake akukankha mabwato. Amadziwa kuti nyanja siseweredwa. Pa 30 July 1946, m'nyengo yomweyi ya mwera, sitima ya Vipya, yachitsulo ndiponso yatsopano, inamira ndi mphepo pafupi ndi Florence Bay, kumene lero timati Chitimba, ndipo anthu 145 anataya miyoyo yawo. Asodzi amene afika pa imvi ndi aja amene anaphunzira kukhala pamtunda masiku oyenera kukhala pamtunda, ndipo palibe amene amawatcha amantha.

Mnyamata wa ku Kande uja sitinamlumbiritse kanthu. Tinangompatsa kope laling'ono ndi kumpempha kuti alembe moona mtima ndalama zonse zimene waika pa makadi kuyambira chaka chino, ndi zonse zimene watengako, kenaka achotsere, aonetse mayi ake yankho lake. Iye amakonda masamu, ndipo tikukhulupirira kuti masamuwo amuuza zoona. Ngati m'nyumba mwanu muli mwana wotere, kapena ngati inu amene mukuwerenga ndinu mwanayo, yesani njira yomweyi mwezi uno, ndipo mumpempherere mayi uja ndi mwana wake wamkazi amene akudikira fizi.

Tidzakumananso pa tsamba lomweli mwezi wa mawa, Mulungu akalola.